Kukonza akaunti yosungiramo nkhani kuti ikutumikireni ku komboni

Mapulogalamu osungiramo nkhani zoti muwerenge nthawi ina ntchito yake ndi yosavuta kumva. Mukapeza nkhani pa intaneti koma mulibe mpata, mumaitumiza ku pulogalamuyo, iyo n'kuchotsa zotsatsa malonda ndi zina zonse zodzaza tsamba, n'kukusungirani mawu oti muwerenge ngakhale popanda netiweki. Mapulogalamu oyambirira otchuka anachokera ku America: Nate Weiner anayambitsa Read It Later mu 2007, yomwe inadzatchedwa Pocket mu 2012, ndipo Marco Arment anatulutsa Instapaper mu 2008. Mmene amakhalira mukangowaika pa foni, amayenera munthu amene ali ndi Wi-Fi kunyumba, magetsi osathima komanso foni yakeyake. Wowerenga wa m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Chawama kapena George nthawi zambiri sakhala nazo zonsezi. N'chifukwa chake musanasunge nkhani ngakhale imodzi, yambani mwatsegula Settings. Zomwe musankhe mmenemo n'zimene zidzanene ngati nkhanizo zili m'manja mwanu kapena mwangobwereka.

Choyamba ndi dzina lolowera. Akaunti imamangidwa pa imelo, ndipo apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu akagula Itel kapena Tecno m'tauni, kaya ku Katondo Street kaya ku City Market, wogulitsa kapena mwana wa neba ndi amene amamutsegulira imelo mwachangu kuti foni iyambe kugwira ntchito, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe pasiwedi. Foni ikabedwa mu minibasi, ikagwera m'madzi osefukira nthawi ya dzinja, kapena wokonza akaifufuta zonse kuti ichire, akaunti imapita nayo limodzi. Tsono tsegulani akaunti ndi imelo imene pasiwedi yake mumaidziwa nokha, ndipo pasiwedi ya pulogalamuyi isafanane ndi ya Facebook kapena PIN ya ndalama za pa foni. Ilembeni m'kope losungidwa bwino kunyumba. Onaninso nambala yomwe imeloyo imadalira mukaiwala pasiwedi. Ikhale ya SIM yolembetsedwa pa chitupa chanu cha NRC, chifukwa imeneyo ikatayika mutha kukaibweza ku Airtel, MTN kapena Zamtel, pomwe yolembetsedwa m'dzina la m'bale wanu sadzakupatsani. Musaisiyenso ili chigonere, pakuti nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali imapatsidwa kwa munthu wina.

Chachiwiri, chomwenso chimakhudza thumba, ndi nthawi yokopera nkhani. Tsamba wamba la pa intaneti masiku ano limalemera kuposa 2 MB, koma mawu 1,000 paokha safika ngakhale 10 KB. Chomwe chimadya bundle yanu ndi zithunzi, makanema ndi zotsatsa. Choncho sankhani kuti pulogalamu izisunga mawu a nkhani, osati tsamba lonse monga likuonekera, ndipo ngati pali poletsera zithunzi, letsani. Mapulogalamu ena ali ndi malo osankhira kuti nkhani zizikopedwa pa Wi-Fi pokha. Wophunzira wa ku yunivesite ya UNZA amene amagona ku Kalingalinga kapena ku Mtendere zimenezi zimamuthandiza, chifukwa foni imakopera masana ali kusukulu, iye n'kukawerenga usiku kunyumba. Koma mayi wogulitsa pa msika wa ku Matero, amene Wi-Fi sakumana nayo sabata yonse, akasankha zimenezo adzangopeza mitu ya nkhani popanda chowerenga. Iye ndi bwino alole kukopera pa data, koma azitsegula pulogalamu nthawi imene bundle yatsala pang'ono kutha masiku ake, kuti zotsalazo zisapite pachabe. Zili ngati kudzaza zigubu nthawi imene pampopi pakutuluka madzi. Dziwaninso kuti mafoni a Android, pofuna kusunga batire ndi data, amaletsa mapulogalamu ena kugwira ntchito mwini asanawatsegule. Njira yotsimikizira ndi imodzi: ikani foni pa Airplane mode, tsegulani nkhani ziwiri kapena zitatu, muone ngati zikuwerengeka mpaka kumapeto.

Kuwerenga popanda netiweki si nkhani ya ndalama yokha. Chilala cha mu 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February chaka chimenecho, chinatsitsa madzi ku damu la Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inkapereka magetsi maola ochepa chabe pa tsiku, ndipo magetsi akasowa nthawi yaitali netiweki nayo imafooka. Pa 12 August 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinatsekedwa m'Zambia muno. Masiku otere, chomwe chili m'foni mwanu n'chimene muli nacho. Pofuna kusunga batire, ambiri amasankha maonekedwe akuda, koma zimenezi zimathandiza kwenikweni pa mafoni a sikirini ya OLED. Pa mafoni otsika mtengo a LCD, chomwe chimapulumutsa batire ndi kuchepetsa kuwala. Mukatero, kulitsani zilembo kuti maso asatope. Foni ikakhala ya malo ochepa, ikani malire a nkhani zosungidwa, ndipo zomwe mwawerenga kale muzizichotsa pa mndandanda waukulu. Ngati foniyo amagwiranso ana ndi amuna kapena akazi anu, letsani mauthenga otulukira pa sikirini, pakuti nkhani yomwe munthu wasunga yokhudza matenda, ngongole kapena mlandu ndi chinsinsi chake.

Wina anganene kuti zonsezi n'kudzivutitsa, popeza munthu atha kungojambula sikirini kapena kudzitumizira linki pa WhatsApp. Pa nkhani imodzi yaifupi, njira zimenezi n'zokwanira ndithu, ndipo Chrome ndi Opera Mini nazo zimatha kusunga tsamba popanda akaunti iliyonse. Koma linki imafuna data tsiku lowerenga, zithunzi za sikirini zimasochera pakati pa zithunzi za maliro ndi za kitchen party, ndipo masamba osungidwa m'foni mokha amatha tsiku lomwe foni yatha. Ubwino wa akaunti ndi wakuti mukalowa pa foni ina, mndandanda wanu wonse umabwerera.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti: nanga kampani yosunga akauntiyo ikatseka? Funsoli lili ndi umboni wake. Mozilla inagula Pocket mu 2017, koma pa 8 July 2025 inaitseka, n'kupatsa anthu miyezi yochepa yotulutsira zinthu zawo zisanafufutidwe. Omnivore, pulogalamu ina ya mtundu womwewu, inatsekedwa kumapeto kwa 2024 eni ake atapita kukagwira ntchito ku ElevenLabs. Ngakhale Instapaper, yomwe ikadalipo, yadutsa m'manja mwa Betaworks ndi Pinterest, ndipo mu 2018 inayamba yatsekera owerenga a ku Europe kwa kanthawi chifukwa cha lamulo loteteza zinsinsi za anthu. Izi sizikutanthauza kuti musatsegule akaunti. Zikuonetsa kufunika kwa batani lomwe ambiri salilabadira, la Export, limene kawirikawiri limapezeka mukalowa mu akaunti pa tsamba la pa intaneti osati pa pulogalamu ya m'foni. Lipezeni tsiku loyamba lomwelo, ndipo pulogalamu yomwe ilibe batanili musaidalire. Uthenga wochenjeza za kutseka umabwera pa imelo, choncho poletsa maimelo otsatsa malonda, muzitsegulabe imeloyo nthawi ndi nthawi.

Chenjezo lomaliza ndi lakuti fayilo ya Export nthawi zambiri imakhala ndi mitu ndi malinki chabe, osati mawu a nkhani. Tsamba lenileni likadzachotsedwa pa intaneti, linkiyo sidzakuthandizani. Choncho mwezi uliwonse tulutsani fayiloyo, koma nkhani zochepa zomwe simungafune kutaya, monga malangizo ofunsira malo ku koleji kapena ndondomeko yolembetsera bizinesi ku PACRA, muzisungenso ngati PDF pa memory card. Pulogalamu ikhale yothandiza kuwerenga tsiku ndi tsiku, koma zofunika kwambiri zikhale pamalo pomwe kampani iliyonse singazifufute.