Masiku 30 ku Joni: Gawo 3

Nditangofika ku Mayani, amalume anaitana mbumba yonse kuti ikumane pabwalo pawo madzulo omwewo. Munali mu Juni, chiperoni chitaphimba mapiri, ndipo mayi anasonkha moto waukulu. Nkhani inali imodzi: ndigulitse dimba langa la mbatatesi n'kusamukiratu ku South Africa ndi mkazi wanga, kapena ayi.

"Tatiuza, mphwanga," anatero amalume. "Waonako zotani?"

Ndinayamba ndi ulendo. Basi inatulukira pachipata cha Dedza, n'kuwoloka Zambezi ku Tete dzuwa likuswa mtengo, kenako Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge komwe tinachezera pamzere. Pasipoti anandidindira masiku 30, ocheza chabe, osati ogwira ntchito.

"Nanga mzindawo?" anafunsa mkazi wanga.

Sindinabise, mtima wanga unatengeka. Potuluka pa Park Station ndinaona nyumba zosanjikizana mpaka khosi kuwawa, misewu yodutsana pamwamba pa inzake, buledi ndi nkhuku zosasowa m'sitolo. Ku Mayfair ndi ku Fordsburg Chichewa ndi Chiyao zimamveka ngati uli pamsika wa Mayani. Anyamata akwathu kuno akusoka zovala, akutsitsa katundu m'mashopu, ena akusamala maluwa kumayadi, ndipo sabata ikatha amagwira marandi m'manja.

Koma ndinawauzanso za kogona. Chipinda chimodzi amuna thithithi, mabanja otchingirana ndi nsalu. Galimoto ya polisi ikangotulukira, munthu wamkulu amasiya chakudya n'kulowa m'kanjira, chifukwa masiku ake anatha kalekale ndipo akamugwira ndi wa ku Lindela, kudikira kubwezedwa. Mu minibasi sulankhula, kuopa kutchedwa kwerekwere. Amene anaona zipolowe za 2008 ndi 2015 amagona chikwama chili chomangamanga. Zimenezi zinandipweteka, pakuti zithunzi zimene amatitumizira pa WhatsApp sizisonyeza zimenezo.

Agogo aamuna, omwe anakumbako golide nthawi ya Wenela, anatsokomola. "Ife tinkapita ndi kontirakiti, tsiku lobwerera tikulidziwa. Ndege itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu anatseka njira kuti ana ake asathe. Inu wokuwerengani ndani? Mudzangokhala matchona."

Onse anati zii. Apa m'pamene mlongo wanga, yemwe anakhala chapatali mwana ali pamiyendo, anasendera kumoto.

"Achimwene, mwanena zonse, koma za bambo a ana angawa simunanene. Si ndiwo anakulandirani? Bwanji ndalama anasiya kutumiza?"

Malovu anandiuma. Ndikanayamba pati? Tsiku limene ndinagogoda pakhomo pa alamu anga, anatsegula ndi mayi wolankhula Chizulu, khanda lili kumbuyo, mphuno yake yeniyeni ya alamuwo. Usiku womwewo alamu ananditengera panja. Anati ntchito ya m'shopu andipezera kale, chipinda andilipirira mwezi woyamba, bola pakamwa panga pakhale potseka ndikafika kumudzi. Ndikangoulula, ndisadzapondenso pakhomo pawo.

"Ali bwino," ndinayankha ndikuyang'ana moto. "Zinthu zangowathina pang'ono."

Mayi anandiyang'anitsitsa. Amandidziwa ndikamazemba.

Nthawi yomweyo foni yanga, imene inali pampasa, inayamba kulira. Mlongo wanga anaiona msanga: nambala yoyamba ndi +27, dzina la mwamuna wake. Ndisanatambasule dzanja anali ataitola kale n'kuikweza mawu kuti ana amve bambo awo.

"Halo, bambo a ana!"

Kunayankha mawu achikazi, akulira, Chichewa chake chothyokathyoka.

"Alamu, ndine uja munandipeza pakhomo. Amuna anga awatenga apolisi usiku. Ati inu nokha mukudziwa kumene anabisa ndalama."

Mlongo wanga anaimirira pang'onopang'ono, foni ili m'manja, n'kutembenukira kwa ine.

"Achimwene, ameneyu ndani?"

Musaphonye gawo 4 sabata yamawa.