Makwerero a maphunziro a zaulimi: poyambira, pokwerera, ndi zida zothandiza olemala

Nyengo ya maphunziro ikamatha pano, mafunso ena amabwera mobwerezabwereza. Makolo amafuna kudziwa nthawi imene mwana angayambe kuphunzira luso la manja ndi la makina. Amene anatsiriza kale amafunsa ngati angapitirize kufikira ku koleji. Aliponso ena amene maso ao ayamba kucita cidima, kapena amene ngozi inawalanda dzanja kapena mwendo, amene amafunsa motsitsa mau ngati ulimi ndi sukulu zikali zao. Onsewa tiwayankha kuti njira ilipo, koma ili ngati makwerero a pa nkhokwe: munthu amaponda mtanda umodzi kuti afike pa wina. Wodziwa ndondomeko ya mitandayo amapulumutsa zaka ndi ndalama.

Poyambira: luso mwana asanafike ku koleji

Mu 2013 boma linagawa maphunziro a ku sekondale m'njira ziwiri, ya m'mabuku ndi ya luso. Pa njira ya luso mwana amatha kusankha ulimi, tekinoloji, za pakhomo ndi kulandira alendo, zoimba ndi zojambula, kapena zamasewera. Colinga cinali cakuti mwana wotereyu, kuwonjezera pa mayeso a Examinations Council of Zambia, alembenso mayeso a luso ochedwa trade test a bungwe la TEVETA, kuti pocoka pa sukulu akhale ndi mapepala awiri. Dongosolo latsopano limene linayamba mu Januwale 2025 linasintha maina a makalasi: sekondale tsopano iyambira pa Fomu 1 kufika pa Fomu 4, ndipo ofuna kupitiriza amalowa Fomu 5 ndi 6. Ulimi ndi tekinoloji zikali pakati pa njira zimene mwana angasankhe.

Popeza malipiro a sukulu za boma anacotsedwa mu 2022, funso la kholo lero liyenera kukhala lakuti mwana akuphunzira ciani ndi manja ake. Funsani aphunzitsi aakulu ngati sukulu ili ndi munda kapena khola lophunzirirapo, ngati ili ndi cipinda ca zipangizo, ndiponso ngati ana amalembetsedwa mayeso a trade test. Sukulu monga Chizongwe ku Chipata, David Kaunda ku Lusaka ndi Hillcrest ku Livingstone zimadziwika ndi maphunziro a luso, koma ngakhale pa sukulu ya kumudzi pamapezeka kalabu ya JETS, mmene ana amapanga zipangizo zao ndi kukapikisana nazo. Mwana wokonda kumasula wailesi ndi njinga, mulimbikitseni kulowa m'menemo.

Cacikulu n'cakuti mwana asataye masamu ndi sayansi poganiza kuti mlimi sazifuna. Taonani citsanzo ici. Botolo la mankhwala opha udzu likunena kuti pa hekitala pafunika malita 2. Ngati mumathira madzi malita 200 pa hekitala, ndipo sipuleya yanu ndi ya malita 16, mudzaidzaza maulendo 12 ndi theka, ndipo ulendo uliwonse ufuna mamililita 160 a mankhwala. Pa lima imodzi, imene ili gawo limodzi mwa magawo anai a hekitala, mankhwala onse ndi theka la lita. Wolakwitsa masamuwa amaocha mbeu, kapena amataya ndalama udzu n'kukhalabe. Pampu ya sola, dizilo ya pa cigayo ndi ndalama za pa foni, zonse zimafuna mutu wozolowera kuwerengera.

Kwa amene sukulu inawathera panjira, khomo ndi trade test yomweyo. Ili ndi magawo atatu: Level 3 ndiyo yoyambira, kenako Level 2, ndipo Level 1 ndiyo yapamwamba. Imaphunzitsidwa m'masukulu a luso monga Chipata Trades ndi Ukwimi Trades. TEVETA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ilinso ndi njira yoyesera munthu amene anaphunzira nchito pongoigwira. Amene wakhala zaka zambiri akuwocherera zitsulo kapena kukonza mapampu angayesedwe pa zimene adziwa kale n'kulandira pepala. Tisiyanitse bwino apa: pepala losonyeza kuti munapezeka pa maphunziro a masabata angapo lili ndi phindu lake, koma olemba nchito ndi makoleji amayang'ana pepala la mayeso ovomerezedwa ndi boma.

Pokwerera: satifiketi, dipuloma ndi digiri

Mtanda umene umakwiza kapena kugwetsa ambiri ndi zotsatira za Giredi 12. Pa dipuloma ndi digiri ya zaulimi kawirikawiri amafuna makirediti asanu, ndipo pakati pake payenera kukhala Cingelezi, masamu ndi sayansi. Ngati phunziro limodzi kapena awiri anakukanikani, simufunika kubwerera m'kalasi ndi yunifomu. Mayeso a GCE, amene amalembedwa pakati pa caka, anaikidwira anthu otere: mumalembetsa maphunziro okhawo amene mufuna kukonza. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Phunziro limodzi caka cino, lina caka camawa, makirediti amakwana.

Satifiketi ya zaulimi ya zaka ziwiri imapezeka ku Zambia College of Agriculture, imene ili ndi masukulu awiri, ku Monze ndi ku Mpika. Dipuloma ya zaka zitatu ndiyo imene Natural Resources Development College ya ku Lusaka imadziwika nayo, m'magawo monga za mbeu, za ziweto, za makina a ulimi, za madzi, za nsomba, za malonda a zaulimi ndi za kadyedwe. Alipo masukulu enanso a nchito imodziimodzi: za umoyo wa ziweto ku Mazabuka, za nsomba ku Kasaka pafupi ndi Kafue, za ndiwo zamasamba ndi zipatso ku Chapula, ndi za makopaletivu ku Cooperative College mu Lusaka. Pamwamba pa zonsezi pali digiri, imene imaphunzitsidwa ku University of Zambia, ndiponso ku Mulungushi ku Kabwe ndi ku Rusangu pafupi ndi Monze.

Mtanda uliwonse uli ndi makomo ake. Satifiketi ndi dipuloma ndizo zimatsegula nchito ya ulangizi m'makampu a zaulimi, ya ukapitao pa mafamu aakulu, ndi ya m'makampani a mbeu. Digiri imafikitsa ku kafukufuku wonga wa ku Msekera ndi ku Mount Makulu, ndi ku maudindo oyang'anira. Ngakhale wosafuna kulembedwa nchito amapindula. Wogulitsa mbeu ndi mankhwala amafunika zilolezo, za mbeu kucokera ku Seed Control and Certification Institute ndi za mankhwala kucokera ku ZEMA, ndipo alimi amabwerera kwa wogulitsa amene amadziwa kuwafotokozera matenda a mbeu zao.

Amene muli ndi banja ndi munda, funsani za maphunziro apatali. Wophunzira amawerengera kunyumba, n'kumapita ku koleji masabata owerengeka pa caka. Njirayi imafuna kudziletsa, cifukwa nchito ya kumunda ndi ya m'mabuku zimakumana, koma munda susanduka thengo.

Pa za ndalama pali zitsime zingapo. Thumba la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, lili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a luso, ndipo pempho limadzera ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwanu. Ophunzira a m'mayunivesite a boma amapempha ngongole ku Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo ngongoleyo imabwezedwa. Musanalipire ngwee iliyonse, tsimikizani kuti sukuluyo ndi yolembetsedwa: ya luso ku TEVETA, yunivesite ku Higher Education Authority. Safunsa anadya phula. Pepala la sukulu yosavomerezedwa silingakulowetseni nchito ya boma, ndipo zaka zotayikazo sizibwerera. Musagulitsenso ng'ombe zolimira cifukwa ca pepala limene simudziwa nchito yake. Yambani mwasankha nchito, kenako funsani pepala limene nchitoyo imafuna.

Zida zothandiza olemala

Mlimi aliyense amadziwa kuti mpini wa khasu umasemedwa molingana ndi mwini wake. Zida zothandiza olemala zimatsata nzeru yomweyo: cida cimasinthidwa kuti cigwirizane ndi thupi la munthu. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linapeza kuti anthu oposa 2.5 biliyoni pa dziko lonse amafuna cida cimodzi kapena zingapo zotere, ndipo pafupifupi 1 biliyoni alibe. M'gululi muli magalasi a maso, ndodo, njinga za olemala, miyendo yoikirira ndi tothandiza kumva. Motero nkhaniyi ikhudza tonsefe, pakuti ambiri akapitirira zaka 40 amayamba kuvutika kuwerenga zilembo zazing'ono, ndipo malangizo a pa botolo la mankhwala amalembedwa m'zilembo zoterozo. Magalasi owerengera, otsika mtengo, angapulumutse munda ndi moyo.

Zida zina muli nazo kale. Cingwe cimene timabzalira pa ulimi wa maenje cimakhala ndi zitsekero za mabotolo zomangidwa pa masentimita 70 alionse, ndipo mizere imatalikirana masentimita 90, kotero kuti lima imodzi imatenga maenje pafupifupi 4,000. Zitsekerozo zimamveka ndi zala, motero mlimi wosaona angathe kukumba maenje oongoka, kuthira manyowa ndi kubzala potsata cingwe. Waya womangidwa kucoka pa khomo kufika ku khola ndi ku dimba amamutsogolera popanda womugwira dzanja. Mabotolo a mankhwala angasiyanitsidwe ndi mphira: wina mphira imodzi, wina ziwiri, ndipo asungidwe malo amodzimodzi nthawi zonse.

Woyenda pa njinga ya olemala, kapena wodwala msana, amalima bwino pa mabedi okwezedwa. Bedi limangidwe ndi njerwa kapena matabwa kufika masentimita 60 mpaka 75 kucoka pansi, ndipo m'lifupi lisapitirire masentimita 120, kuti dzanja lifike pakati kucokera mbali zonse ziwiri. Tinjira tikhale ta mita imodzi, totsendereka bwino. Pamene pali citunda colowera m'nyumba kapena m'khola, potsetsereka pake pakhale masentimita 12 m'litali pa sentimita iliyonse ya kukwera. Pakaposa apo njinga imabwerera m'mbuyo. Ndowa ya malita 20 yopacikidwa mita imodzi m'mwamba, yolumikizidwa ku mapaipi odontheza, imacotsa nchito yonyamula kheni. Wa dzanja limodzi amathandizidwa ndi lamba womangirira mpini ku mkono, ndipo wa zala zofooka amagwira bwino mpini wokulungidwa ndi mphira ya chubu. Nkhuku, mbuzi za m'khola, njuci ndi nazale ya mitengo ndi nchito zopatsa ndalama zosafuna kuyenda mtunda. Abale athu a khungu la cialubino afunika cipewa cacikulu, malaya a manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa, ndi kugwira nchito m'mamawa ndi madzulo.

Foni nayo yasanduka cida. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, imene imawerenga mokweza zolembedwa pa foni, ndipo pa kompyuta pali NVDA, pulogalamu yaulere yocita zomwezo. Popeza zimenezi zimawerenga bwino Cingelezi koposa, mauthenga a mau a pa WhatsApp ndiwo amathandiza m'cinenero cathu. Kwa wosamva, uthenga wolembedwa ndi kanema wa cinenero ca manja zimafikitsa mitengo ya pa msika ndi malangizo a alangizi. Inu ogwira nchito pa cigayo, tsekani makutu anu ndi zotetezera, pakuti phokoso la tsiku ndi tsiku limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo makutu akafa motero sacira.

Lamulo la 2012 lonena za anthu olemala limaletsa kuwasala pa maphunziro ndi pa nchito, ndipo bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities limawalembetsa ndi kuwapatsa khadi. Pa mayeso a boma pamakhala mapepala a Braille, a zilembo zazikulu, ndi nthawi yowonjezera, koma vuto la wolemba liyenera kunenedwa pa nthawi yolembetsa, osati pa tsiku la mayeso. Sukulu za ku Magwero pafupi ndi Chipata zimaphunzitsa ana osaona ndi osamva, National Vocational Rehabilitation Centre ya ku Ndola imaphunzitsa luso, ndipo Disacare ku Lusaka imapanga njinga zoyenera misewu yathu. Njinga iyenera kuyezedwa pa mwini wake. Yosakwana bwino imayambitsa zilonda ndi kupinda msana.

Apa mbali ziwiri za nkhani yathu zikukumana. Njinga ikathyoka kumudzi, kapena mpini ukafuna kusinthidwa, wofunika ndi mmisiri wa pafupi wodziwa kuyeza ndi kuwocherera. Mnyamata kapena mtsikana wa trade test ya zitsulo angapeze nchito pamenepa, ndipo mnansi wake wolemala angabwerere kumunda.

Miyezi ya cilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndiyo nthawi yoyendetsa zimenezi. Tulutsani zotsatira za mayeso anu muone maphunziro amene akupereweza. Pitani ku ofesi ya zamaphunziro pa boma mukafunse masiku olembetsa GCE, ndi kwa akomiti a m'wadi za mafomu a CDF. Ngati m'mudzi mwanu muli wina amene anasiya kulima cifukwa ca maso, miyendo kapena manja, tengani cingwe cobzalira ndi tepi yoyezera, mukakhale naye pansi, mumufunse nchito imene iye mwini afuna kuyambiranso.