Otema mitengo ya mpira ku Vizara

Ukachoka pa Mpamba kutsikira kunyanja, n'kukhotera msewu wa ku Chintheche, umafika pena pomwe dzuwa limangoti zii. Uku ndi uku mitengo italiitali yobzalidwa m'mizere yakumana nsonga ngati denga, ndipo m'mbali mwa tala anyamata akunjanjitsa timipira kuti aimitse galimoto. Apa ndi pa Vizara. Ambiri amangogulira mwana kampira n'kumapita, osadziwa kuti utomoni wa mitengoyi, womwe amapangira timipirato, unasowetsa tulo akuluakulu a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse mu 1942.

Ku Nkhata Bay sikunakhomedweko ndege yankhondo ngakhale imodzi. Komatu ndege imanyamuka ndi kutera pa matayala, ndipo mafuta ake amayenda m'mapaipi a mpira. Matanki a mafuta a ndege za nthawi imeneyo ankawakuta ndi mpira wosaphika, kuti chipolopolo chikaboola, petulo akangoukhudza ufufume n'kutseka bowolo. Tsono Ajapani atalanda Malaya, kenako Singapore pa 15 February 1942, pamodzi ndi zilumba zomwe lero ndi Indonesia, pafupifupi 90 peresenti ya mpira wachilengedwe wa padziko lonse unagwera m'manja mwawo. Angerezi anatsala ndi Ceylon ndi timinda ta mu Africa muno. Anthu akumidzi m'mayiko a atsamunda anauzidwa kuti alowenso m'nkhalango kukasaka mpira wa m'zomera zoyanga, ntchito yomwe makolo awo anali ataisiya kale. Munda ngati wa Vizara, umene kampani ya Mandala inautsegula kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, unasanduka chuma chosaseweretsa. Mtengo wa mpira wa m'minda yotereyi kwawo ndi ku Brazil. Henry Wickham ndiye anatengako njere pafupifupi 70,000 mu 1876 kupita nazo ku Kew, ku London, komwe zinafalikira kwina konseku.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi dzanja la wotema, lomwe ntchito yake siinasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Amalawira mbandakucha, chifukwa utomoni umatuluka bwino kukadali kozizira. Dzuwa likakwera mtengo umaumira. Ali ndi kampeni kopindika kunsonga. Akafika pamtengo amayamba wamatula kachingwe ka utomoni wouma kamene kanatsala pabala lakale, kenako amasenda khungwa mopendekeka, kuchokera kumanzere m'mwamba kutsikira kumanja, kachidutswa kopyapyala ngati chikhadabo. Apa ndiye pagona luso lonse. Akasenda pamwambamwamba utomoni sutuluka wokwanira. Akalowetsa mpeni n'kukhudza thupi la mtengo, pamadzatuluka zotupa, ndipo khungwa lomera pamenepo silidzatemekanso bwino. Mtengo umene waudikira zaka 6 kapena 7 kuti uyambe kupereka, munthu wa dzanja lolemera akhoza kuupundula m'miyezi yochepa. N'chifukwa chake kapitawo akamayendera mzere sayang'ana ndowa yokha, amayang'ananso zipsera.

Utomoni woyera ngati mkaka umatsata mzerewo, n'kumadontha m'kachikho komangirira pamtengo. Wotema saima kuuonerera. Mitengo yake ya tsikulo ndi mazana, choncho amayenda mothamangira, udzudzu uli m'makutu, maso ali pansi kuopa njoka m'masamba. Akatha mzere womaliza amabwerera koyambirira ndi ndowa kukakhuthula zikho, n'kupita nazo kusikelo. Mvula ikagwa m'mawa, ndipo kuno imagwadi, madzi otsika pamtengo amasukulutsa utomoni, tsikulo lapita.

Kufakitale ndi dziko lina. Amausefa, kuuthira asidi kuti uundane ngati chambiko, kuupsinya m'makina n'kuuumitsa. Fungo lake, makamaka la zibuma zouma zotoledwa m'zikho, silifuna kufotokoza. Amene wagwirako ntchito amalowa nalo m'nyumba, sopo amachita kugonja. Mitengo ikakalamba, pakatha zaka 25 kapena 30, imagwetsedwa n'kuchekedwa matabwa, ndiye pali ocheka, obzala mbande ndi olumikiza mitengo kunazale, kuwonjezera pa alonda ndi oyendetsa mathirakitala.

Atonga a ku Nkhata Bay kuno timawadziwa ndi ulendo: Joni, Harare, ukalaliki, ukhukhi, ndi mbiri ya Clements Kadalie wa ku Chifira amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Pa za nkhondo timakumbuka asilikali a KAR amene anakafika mpaka ku Burma mu 1944, ndipo mayina a ena ali pa zipilala. Amene anatsala kuno ndi kampeni m'manja palibe anawaimikira mwala, chonsecho wowotcherera phiko la ndege ku England sakanaiona ikuuluka popanda matayala.

Amereka anathamangira kupanga mpira wa m'fakitale wochokera ku mafuta, ndipo pofika 1945 unali utachuluka kwambiri. Koma pa tayala la ndege sunaulande malo wa kumtengo, chifukwa wachilengedwe umapirira kutentha ndi kumenyeka kwa potera. Mpaka lero ndege ikamatera ku Chileka kapena ku Lumbadzi, kautsi kaja kamafuka pamatayala kali ndi utomoni wa mtengo umene munthu wina, kwinakwake, anautema kusanache.