Mafuta a tsitsi la abambo: dziwani zili m'chitini musanapikule

Mametedwe amene ankatchuka kale abwereranso. M'mababashopu a m'dera la Mfumu Yaikulu Nchema ku Chiradzulu, monganso ku Mbulumbuzi ndi ku Namitambo, anyamata akumapempha seda, tebulo, ngakhalenso timafunde tija amati mawevu. Mametedwe onsewa sathera pa mashini ometera. Amafuna mafuta ogwira tsitsi, ndipo apa ndi pamene pali ndalama kwa inu a pa benchi, a okala ndi ometa. Koma ndi katundu amene angakumangireni mpamba miyezi ingapo mukapikula mongotengeka ndi kukongola kwa chitini. Musanakwere minibasi ya ku Limbe, dziwani kaye kuti m'chitinimo muli chiyani, ndipo mutu umene ungagwirizane nacho ndi wotani.

Malonda awa si achilendo kwathu kuno. M'nthawi ya Kamuzu, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1970, lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali. Mwamuna wofuna kutchena ankangodalira tsitsi lalifupi, chipeso ndi mafuta. N'chifukwa chake pazithunzi zakale za maukwati mumaona abambo atang'amba seda yowongoka, mutu ukuwala. Mafuta ena amene ankadziwika nthawi imeneyo akupangidwabe. Brylcreem anayamba kupangidwa mumzinda wa Birmingham ku England mu 1928. Murray's, wa chitini cha mtundu wa lalanje, anayambira ku Chicago m'zaka za m'ma 1920, ndipo anapangidwira tsitsi lopotana ngati lathuli. Vaseline ndiye wakale kuposa onsewa, poti Robert Chesebrough analembetsa umwini wa kapangidwe kake mu 1872.

Magulu atatu a katunduyu

Mayina ndi ambiri, koma katundu yense amagwera m'magulu atatu. Kuti mudziwe gulu lake, tembenuzani chitini muwerenge mndandanda wa zimene anasakaniza. Chimene chalembedwa koyambirira ndicho chachuluka m'katimo.

Gulu loyamba ndi la mafuta enieni, amene pachitini amalemba kuti pomade. Mndandanda wake umayamba ndi mawu akuti Petrolatum, kenaka Mineral Oil kapena Paraffinum Liquidum, nthawi zina Lanolin, amene ndi mafuta ochokera ku ubweya wa nkhosa. Murray's, Dax ndi Sportin' Waves ali m'gulu limeneli. Mafutawa sauma pamutu, amawalitsa tsitsi, ndipo munthu akhoza kupesanso masana tsitsi n'kugona ngati m'mawa. Vuto lake ndi loti sachoka ndi madzi okha, komanso amakoka fumbi.

Gulu lachiwiri ndi la madzi. Mndandanda umayamba ndi Aqua kapena Water. Awa akadzoledwa amauma n'kulimbitsa tsitsi, ndipo amachoka mosavuta posamba. Koma thukuta ndi mvula zimawasungunula, ndipo chitini chikakhala chosatseka bwino amauma n'kutha ntchito. Kawirikawiri amakhala okwererapo mtengo.

Gulu lachitatu ndi la phula. Pamndandanda pamakhala Beeswax kapena Cera Alba, kutanthauza phula la njuchi, kapenanso Microcrystalline Wax, phula lochokera ku mafuta a pansi. Phula limagwira mwamphamvu koma siliwala kwambiri. Ndi lolimba m'chitini, moti pamafunika kulitikita m'manja kaye kuti lifewe.

Dziwaninso kuti hair food ndi mafuta odzola wamba si katundu wogwira tsitsi. Amafewetsa ndi kuwalitsa basi. Kasitomala wofuna mawevu mukamugulitsa hair food, adzabwera patatha sabata akudandaula kuti munamupatsa katundu wabodza, chonsecho katunduyo ndi weniweni, kungoti si ntchito yake.

Mutu uti, chitini chiti

Wofuna mawevu amafunika mafuta olemera a gulu loyamba. Tsitsi likhale lalifupi, alinyowetse ndi kansalu ka madzi otentha pang'ono, adzole, kenaka akwecheze ndi bulashi motsatira mmene tsitsi limamerera, kuchokera pa liwombo kupita kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo. Usiku amange kansalu kothina kumutu kuti tsitsi ligone. Muuzeni zoona kuti chimene chimabweretsa mawevu ndi bulashi ya tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Mafuta amangothandiza kuti tsitsi lisadzuke. Munthu ameneyu mukhoza kumugulitsa zinthu zitatu nthawi imodzi: chitini, bulashi ndi kansalu.

Wa seda amafunika mafuta opepukirapo, ongogonetsa tsitsi mbali ziwiri za mzere. Ngati amagwira ntchito ya mu ofesi, yauphunzitsi kapena ya kuchipatala, a gulu la madzi amamuyenera chifukwa sadetsa kolala ya malaya. Ngati ndi wa kabaza kapena wa ku dimba, yemwe tsiku lonse ali pa dzuwa, a madziwo amuyenderera kumaso ndi thukuta. Mupatseni a mafuta, koma adzidzola pang'ono chifukwa cha fumbi.

Wa tebulo, tsitsi loimirira n'kumetedwa mosalala pamwamba, safuna kanthu kolemera. Mafuta ochuluka amagwetsa tsitsi n'kuononga ntchito ya wometa. Kaphula kochepa m'mbali ndi kutsogolo n'kokwanira, ndipo chida chake chachikulu ndi chipeso cha mano ataliatali. Wa afro nayenso chimodzimodzi: mafuta ofewetsa ndi chipeso, osati phula.

Wometa mpala musamuvutitse ndi katunduyu. Vaseline amukwanira.

Muyeso wake

Anthu ambiri amadzola mopyola. Tsitsi lalifupi limafuna mafuta ongofanana ndi njere ya nandolo, likachulukirapo ngati mtedza umodzi. Atikite m'zikhatho mpaka asungunuke, ayambire kumbuyo kwa mutu, kutsogolo kukhale komalizira. Izi zili ndi chifukwa chake. Mafuta olemera akamafika pachipumi amatseka timabowo ta pakhungu, ndipo pamatuluka tiziphuphu tambirimbiri m'mphepete mwa tsitsi. Madokotala a khungu ku America analemba za vutoli mu 1970 ataliona pa amuna akuda odzola mafutawa tsiku lililonse. Kasitomala akatuluka ziphuphu amati katundu wanu ndi woipa. Choncho pomupatsa chitini muuzeni kuti azipukuta chipumi akatha kudzola, komanso azichapa kansalu ka kumutu ndi nsalu ya pilo.

Pochotsa, mafuta ndi phula sizimva madzi ozizira. Apake kaye mafuta ophikira pang'ono kuti zifewe, kenaka asambe ndi sopo kapena shampu kawiri m'madzi ofunda. Kuunjika mafuta atsopano pa akale sabata yonse kumabweretsa litsiro ndi kuyabwa.

Kwa inu ometa, musamapise chala m'chitini mutangogwira mutu wa munthu wina. Zipere zimafala kudzera m'zipeso, mabulashi ndi mashini. Tapani ndi kasupuni kapena kamtengo koyera, ndipo zida muzizitsuka ndi sipiriti kasitomala aliyense akachoka.

Dzuwa ndi mdani wa katunduyu

Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, koma mafuta a Petrolatum amayamba kufewa kutentha kukangodutsa madigiri 40. Chitini chachitsulo chikakhala pa dzuwa pa benchi mu Okutobala kapena Novembala chimatentha kuposa mpweya wa panja. Mafuta amasungunuka, amatuluka m'mbali mwa chotsekera, pepala la dzina limanyowa, ndipo akaumanso amaoneka ngati ogwiritsidwa kale ntchito. Palibe amene angagule pa mtengo wake. Ikani chitini chimodzi chokha poonekera, zina zonse zikhale m'katoni pamthunzi, zitaimirira. Ngati okala yanu ndi yamalata, musaziike pa shelefu yam'mwamba.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikagwira Chiradzulu, phula limauma gwa. Sikuti lawonongeka. Muonetseni kasitomala mmene angalifewetsere m'manja, asaganize kuti mwamugulitsa chakale.

Kupewa katundu wachinyengo

Mayina otchuka ndi amene amaberedwa kwambiri. Musanalipire, tsegulani katoni muone zitini zingapo. Zilembo zikhale zooneka bwino, zosafufutika ndi chala. Pakhale dzina ndi adiresi ya kampani, kulemera kwa katundu, nambala ya gulu limene anapangira, ndi tsiku lothera ntchito. Pazitini zina pamakhala kachithunzi ka botolo lotsegula ndi zilembo ngati 12M, kutanthauza kuti likatsegulidwa ligwiritsidwe ntchito m'miyezi 12. Fungo la palafini kapena timibulu m'kati ndi chizindikiro choipa. Mtengo ukatsika kwambiri poyerekeza ndi mashopu ena a mumsewu womwewo, dzifunseni chifukwa chake. Ndipo pemphani lisiti nthawi zonse, poti popanda lisiti simungabweze katundu.

Ena amasakaniza okha phula la njuchi ndi mafuta a nsatsi kapena Vaseline, posungunula m'chitini choviikidwa m'madzi otentha. Zimagwira ntchito pamutu wanu kapena wa apabanja. Koma mukafuna kuika m'mabotolo ndi kulembapo dzina kuti muzigulitsa, kafunseni kaye ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene limaona za miyezo ya katundu.

Masamu ake

Mitengo ya katundu wochokera kunja siikhazikika. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anagulitsa pa mtengo wakale analephera kudzazanso mashelefu. Choncho funsani mtengo wa lero ku Limbe musanaike wanu, chifukwa phindu lenileni ndi limene likutsala mutapikulanso katundu wina.

Tingoyerekeza ndi manambala ongopeka. Mwapikula zitini 12 pa K36,000, thiransipoti yopita ndi kubwera K4,000. Zonse pamodzi K40,000, ndiye kuti chitini chimodzi chakudyerani pafupifupi K3,333. Mukamagulitsa pa K4,200, zonse zikatha mupeza K50,400, phindu K10,400. Koma zitini ziwiri zikasungunuka pa dzuwa, mupeza K42,000, phindu latsika kufika K2,000. Ndipo ngati mukugulitsa ziwiri zokha pa mwezi, K40,000 yanu yagona miyezi isanu ndi umodzi, ndalama imene ikanazungulira kangapo pa sopo kapena shuga.

N'chifukwa chake poyamba musatenge katoni yathunthu ya mtundu umodzi. Tengani zitatu za mafuta olemera, ziwiri za phula, chimodzi kapena ziwiri za madzi, makamaka tizitini tating'ono timene munthu wa kumudzi angafikire. Lembani m'kope chimene chikutuluka msanga. Mukhozanso kugwirizana ndi anzanu awiri kapena atatu, mmodzi n'kupita ku Limbe, thiransipoti n'kugawana.

Wometa ndiye ali ndi mwayi woposa. Chitini cha magalamu 100, akamatapa magalamu awiri pa mutu, chimakwanira mitu 50. Akawonjezera K200 pa mutu uliwonse wodzoledwa, chitini chimodzi chabweretsa K10,000. Ndiye ngati inu muli ndi okala, kasitomala wanu woyamba ndi wometa wa pafupi nanu. Kachezeni naye, mumufunse mametedwe amene anthu akupempha, ndipo mugwirizane kuti akamaliza kumeta aziwalozera kwa inu.

Nthawi yabwino yowonjezera katundu ndi miyezi ya maukwati ndi zinkhoswe anthu akakolola, komanso masabata awiri Khirisimasi isanafike. Mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zimapita ku chimanga, feteleza ndi fizi, tsitsi limadikira. Katoni yaikulu muipikule pokhapokha kope lanu litakuonetsani mtundu umene anthu a kwanuko akubwerera kudzagulanso.