Impso Yopatsidwa Imadalira Mitsempha ya Magazi

Impso ndi ziŵalo ziŵiri zimene zimasefa magazi ndi kutulutsa zoipa za m'thupi kudzera mu mkodzo. Zonse ziŵiri zikafa, madokotala amatha kutenga impso ya munthu wina ndi kuiika m'thupi la wodwala. Opaleshoni yotereyi inatheka koyamba m'chaka cha 1954 ku Boston, m'dziko la America, pamene Dr. Joseph Murray anaika mwa wodwala impso ya mbale wake amene anabadwa naye mapasa. Odwala a kuno ku Malaŵi amakalandira chithandizochi kunja, monga ku India, koma akabwerako owasamala ndi achibale.

Impso yatsopano siikidwa kumsana kumene kuli zakale. Imaikidwa m'munsi mwa mimba, chakumbali, ndipo dokotala amasokerera mitsempha yake iŵiri ku mitsempha ikuluikulu yopita kumwendo. Umodzi umaloŵetsa magazi, wina umatulutsa. Moyo wa impsoyo uli pa mitsempha imeneyi.

Vuto loyamba ndilo lakuti magazi amaundana ndi kutseka mtsempha. Kaŵirikaŵiri izi zimachitika m'masabata oyamba. Mkodzo umachepa mwadzidzidzi kapena kulekeratu, nthaŵi zina umatuluka ndi magazi, pamene pali impsopo pamaŵaŵa ndi kutupa, ndipo mwendo wa mbali yomweyo ungatupenso. Impso yosoŵa magazi imafa m'maola ochepa. Chifukwa chake wodwala wotere ayenera kutengeredwa kuchipatala nthaŵi yomweyo, ngakhale usiku.

Vuto lachiŵiri limadza mwakachetechete, makamaka pakati pa miyezi 3 ndi zaka 2 chichitikire opaleshoni. Mtsempha woloŵetsa magazi umacheperachepera, monga imachitira ngalande ya kudimba ikayamba kudzala mchenga. Impso ikamalandira magazi ochepa, imatulutsa mphamvu yokweza kuthamanga kwa magazi. Motero BP imakwerabe ngakhale munthu akumwa mankhwala mokhulupirika, mapazi amatupa, ndipo ena amabanika popuma. Madokotala amapeza vutoli ndi makina ounikira m'mimba, onga amene amaunikira amayi oyembekezera. Likadziŵika msanga limachizika: amaloŵetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha ndi kufutukula pamene panachepapo.

Munthu wopatsidwa impso aziyezetsa BP kaŵirikaŵiri pachipatala cha pafupi, ndipo asadumphe tsiku osamwa mankhwala oteteza impsoyo. Asasute fodya. Asamwe bulufeni kapena mankhwala a zitsamba popanda kufunsa dokotala. Akatsegula m'mimba kapena kusanza apite kuchipatala msanga, pakuti thupi likatha madzi magazi savuta kuundana. Pofika kumeneko anene poyambirira penipeni kuti anapatsidwa impso, kuti atumizidwe mosachedwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Akuluakulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Chilonda cha opaleshoni chimapola m'masabata oŵerengeka, koma mitsempha ya impso yopatsidwa imafuna kuyang'aniridwa moyo wonse.