TULO NDI MZATI WA MOYO

Mwezi wa October m'boma la Chongwe kumatentha kwambiri, ndipo anthu ena amangotembenuka pamphasa usiku wonse osaona tulo. Kukaca, khasu limamlemera mlimi, nayenso mwana wa sukulu amaodzera m'kalasi. Kusowa tulo kukapitirira masabata ambiri, imeneyo ndi nthenda.

Asing'anga a ku India anazindikira zimenezi kalekale. Nzeru zao za mankhwala dzina lace ndi Ayurveda. Buku lao lina, Charaka Samhita, lolembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, limaphunzitsa kuti moyo wa munthu uli ndi mizati itatu: cakudya, tulo, ndi kudziletsa. Monga nyumba imapendama mzati umodzi ukadyedwa ndi ciswe, momwemonso thupi limafooka tulo tikasowa.

Bukulo limanena kuti mantha, nkhawa, mkwiyo, njala ndi malo oipa ogonapo ndizo zimathawitsa tulo. Wodwala ankamuuza kuti asambe, adzoze thupi mafuta, amwe mkaka, ndipo agone pa nthawi yace yozolowera. Kugona usana ankaletsa, koma m'nyengo yotentha ankalola. Ana, okalamba ndi odwala ankawalola nyengo zonse.

Analinso ndi muzu wa citsamba ca sarpagandha, umene ankapatsa osowa tulo. M'caka ca 1952, akatswiri a mu mzinda wa Basel ku Switzerland anapeza m'muzuwo mankhwala a reserpine, amene anathandiza odwala nthenda ya kuthamanga kwa magazi. Mtengo wa mwimbi, umene umamera m'mbali mwa mitsinje ya m'Zambia, ndi wa mtundu umodzi ndi citsambaco. Koma mwana asayese kumwa mizu kapena makungwa ace, pakuti mphamvu yace ikacuruka imapweteka munthu. Wosowa tulo masiku ambiri apite ku cipatala.

Madokotala a masiku ano amabvomereza kuti tulo ndi tofunika monga cakudya. Mwana wa zaka 6 kufikira 12 ayenera kugona maola 9 kufikira 12 pa tsiku. Pogona thupi limakula, ndipo ubongo umasunga zimene mwana waphunzira usana. Cotero wogona msanga sataya nthawi ai.

MAFUNSO
1. Kodi mizati itatu ya moyo ndi iti?
2. Nanga ndi zinthu ziti zimene zimathawitsa tulo?
3. Cifukwa ninji mwana sayenera kumwa mizu ya mwimbi?