Ulendo wa Achinyamata Wokathandiza ku Blantyre

Pa 13 March 2023, mvula ya namondwe Freddy ili kugwa kosaleka, mbali ina ya phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre inagumuka. Matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe. M'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa, ndipo ena pafupifupi 659,000 anasowa pokhala. Awerengi akumbukire kuti pa kalembera wa 2018 anthu onse a m'boma lathu la Ntcheu analipo 659,608. Kunali ngati munthu aliyense, kuyambira ku Lizulu kufikira ku Senzani, wagona panja.

Masiku amenewo anyamata ndi atsikana a m'mipingo, a m'sukulu ndi a Red Cross anathamangira ku misasa kukathandiza. Ngozi zotere zidzabweranso, ndipo gulu la achinyamata a kuno kwathu likhoza kufuna kupita. Tsono pali zina zimene liyenera kudziwa lisanakwere galimoto.

Akuluakulu akumbukira Sabata la Achinyamata m'nthawi ya Dr. Banda, pamene ana a sukulu ndi a Young Pioneers anali kulambula misewu ndi kukonza milatho. Ntchito imeneyo inali ya pafupi ndi kwawo, ndipo madzulo aliyense anali kukadya nsima kwa amake. Ulendo wa ku Blantyre uli wosiyana. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kudzera pa Zalewa, ndipo kumene mufikeko kulibe nkhokwe ya malume anu. Mu mzinda wa anthu 800,000 madzi agulidwa pa ndowa, makala agulidwa, ngakhale ndiwo zamasamba zimene kwathu tingothyola kudimba zifuna ndalama.

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Anthu 20 ofika pa msasa chimanjamanja adzadya ufa umene unaperekedwa kwa ovutika, ndi kugona m'kalasi m'mene akadagona amayi ndi ana. Otere sanabwere kudzathandiza, abwera kudzachepetsa phala la ana. Chotero gulu liwerenge masiku amene likakhale, litenge ufa, nyemba, miphika, zofunda ndi makasu ake, ndiponso ndalama yobwerera aisunge padera kwa msungichuma. Ife a ku Ntcheu tili ndi mwayi pa ichi. Mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ndi kabichi wa ku Lizulu ndi zinthu zimene anthu a mu mzinda agula modula. Matumba awiri kapena atatu operekedwa kwa ophika pa msasa athandiza kuposa mawu ambiri a pepani.

Musanyamuke mwakachetechete. Makolo avomere, a mfumu adziwe, ndipo mtsogoleri apite ku ofesi ya Bwana D.C. kukaonana ndi mkulu woona za achinyamata kuti alandire kalata. Pofika ku Blantyre kalatayo isonyezedwe kwa oyang'anira misasa, pakuti ntchito yonse ya thandizo iyendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, pamodzi ndi khonsolo ya mzinda. Iwo ndiwo adziwa msasa umene uli ndi manja ochepa. Kaya gulu lili ndi atsikana, papite mayi wamkulu wowayang'anira.

Nanga ntchito yake ndi yotani? Anyamata ena aganiza kuti akafukula anthu m'matope. Ntchito imeneyo ndi ya asilikali, apolisi ndi ena ophunzitsidwa, chifukwa nthaka yonyowa ikhoza kugumukanso. Ntchito yoyenera gulu la kumudzi ndi imene liidziwa kale: kukumba zimbudzi ndi maenje a zinyalala, kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kuthandiza okalamba pa mzere wolandirira chakudya. Wina adzati ndi ntchito yonyozeka. Koma mu 2023 misasa yambiri inali m'sukulu, monga ya Naotcha ku Chilobwe, kumene zimbudzi zinali zochepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu, ndipo dziko linali pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700. Pa malo otere wokumba chimbudzi apulumutsa moyo. Inunso imwani madzi owiritsa kapena othira klorini, kuti mungabwere nayo nthendayo kumudzi.

Ndiponso si lamulo kuti mupite sabata yoyamba, pamene othandiza ali ochuluka. Anthu atachoka m'misasa, ntchito itsala: kuumba njerwa, kutsegula ngalande, kubzala mitengo. Phiri la Soche linametedwa ndi odula nkhuni, ndipo nyumba zinakwera mpaka pa malo otsetsereka. Aliyense woyenda pa msewu wa Zalewa aona matumba a makala ali ndandanda kudikira galimoto za ku mzinda, ndipo ena mwa iwo achokera m'nkhalango za boma lathu lomwe lino. Nyengo yobzala mitengo iyamba pa 15 December ndi kutha pa 15 April. Gulu lofuna kutenga mbande zake lifese nazale miyezi itatu kapena inayi mvula isanayambe, ndipo mlangizi wa zankhalango wa kwanuko adzakuuzani mitundu yogwira nthaka pa phiri.